Ndinati Ndamva

Anabwera Lachinayi m'mawa, sabata yachiwiri ya Febuluwale, mvula itangokata. Ndinali pakhonde la nyumba ya mphunzitsi wina ku Chitakale, kumene ndinkagona masiku amene aja, ndikupala matope ku nsapato ndi kamtengo. Anali amuna awiri a malaya oyera, ndipo anaodira mwaulemu ngati anthu odzafunsira mbeta.

"Adokotala ndinu, eti?" anafunsa wamtaliyo. "Akukufunani ku boma. Ndi nkhani ya mphindi zisanu. Mutengenso matepi anu aja."

Sindinafunse kuti akundifuna ndani. Nthawi ya chipani chimodzi funso limenelo silinkafunsidwa. Ndinanyamula katoni ya matepi ndi makina ojambulira mawu, ndipo mkazi wa mphunzitsi uja ndinamuuza kuti madzi a tiyi asawaphule, ndibwera posachedwa. Mphindi zisanu zija zinatha patapita zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, mphunzitsi wa ku yunivesite, wongobwera kumene kuchokera kunja ndi digiri yachitatu komanso jekete losayenera nyengo ya kwathu. Kafukufuku wanga anali wa funso limodzi: ndani amalowa ku yunivesite, ndipo ndani amathera pachipata? Funsoli sindinalitole m'mabuku. Ndinakulira pa esiteti ya tiyi kuseri kwa phiri, pamene nyumba zinkauza munthu mtundu wake asanatsegule pakamwa. Azungu ankakhala kumtunda, kokhala kapinga. Makalaliki ndi amakaniko achikaladi ankakhala pakati, m'nyumba za njerwa zootcha. Amwenye anali ndi masitolo awo kumsewu. Ife tinali kumunsi, ku komboni, kumene madzi a mvula onse ankathera. Ana a kumtunda ankatumizidwa kunja, a pakati ankafika ku sekondale, a ku komboni ankapatsidwa dengu lothyolera tiyi msana ukangolimba. Mwa anzanga onse amene ndinayamba nawo sukulu ku komboni kwathu, amene anafika ku yunivesite ndinali ine ndekha. Ndinkafuna kulemba chifukwa chake. Ndinkakhulupiriranso, monga amachitira anthu ongotsika ndege, kuti ukalemba choonadi mwaudongo akuluakulu amakuthokoza.

Choncho ndinkayenda ndi makina anga m'makomboni ndi m'midzi, kufunsa makolo za sukulu ya ana awo. Pa matepi sindinkalembapo mayina, ndinkangolemba manambala. Funso lachitatu papepala langa linali lakuti, "Ndinu mtundu wanji?"

Tepi nambala wani inali ya bambo anga.

Bambo anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Anawoloka ali mnyamata pamodzi ndi anthu othawa chibalo cha Apwitikizi, ndipo anagwira ntchito pa esiteti kuyambira pa dengu mpaka kukhala kapitao. Anali Mlomwe, koma ife ana anatilembetsa kusukulu ngati Anyanja. Masiku amene aja Mlomwe ankaitanidwa ndi dzina lina lachipongwe limene sindilemba pano, ndipo mwana wa kalankhulidwe ka kutsidya ankasekedwa ndi aphunzitsi omwe. Bambo ndi amayi ankalankhula Chilomwe motsitsa mawu, chitseko chili chotseka. Mwana akayesa kubwereza liwu limodzi, khofi linkamupeza. Ndinakula ndikudziwa moni, mayina a zakudya, ndi liwu lakuti mwanaka, kutanthauza mwana wanga. Zina zonse zinkangondidutsa. Pa fomu ya ku yunivesite ndinalemba ndekha, ndi dzanja langa, kuti ndine Mnyanja.

Pa tchuthi cha Pasaka, chaka chisanafike chondimanga, ndinapita kukawaona kufupi ndi Limbuli, kumene anagula kamunda atapuma ntchito. Ndinkafuna kuyesa makina atsopano aja, ndiye ndinati ndiyambire munthu wosandilipiritsa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi ali chapatali akusenda chinangwa cha makaka. Mafunso awiri oyamba bambo anayankha moseka. Anati zaka zawo ndikafunse mzungu amene anazidya. Nditafika pa funso lachitatu, kuseka kunatha. Kenaka anayamba kulankhula Chilomwe, mokweza, masana, pabwalo. Ndinali ndisanawamvepo akutero. Analankhula mpaka tepi inatsala pang'ono kutha. Ndinatolapo mwanaka kangapo, ndi mawu ena omveka ngati mayina a malo. Atamaliza anandiyang'ana, akudikira.

Ndikanatha kunena kuti, ababa, Chilomwe munandimana ndinu, bwerezani m'Chichewa. Koma ndinali dokotala wa maphunziro, ndipo manyazi anandiletsa. Ndinayankha momwe mwana woleredwa bwino amayankhira mkulu akamaliza kulankhula.

"Ndamva, ababa."

Ndinazimitsa makina. Ndinaganiza kuti ndikapeza wondimasulira ku koleji, koma kupempha wophunzira wachilomwe kukanafuna kuti ndifotokoze kuti nkhalambayo ndi ndani kwa ine. Tepi inakhala m'katoni. Mu Ogasiti ndinapitanso kumudzi ndi bulangete ndi shuga, ndinagona masiku awiri, ndinawasimbira za ndale za kuofesi. Bambo sanalankhule zambiri ulendo umenewo, ndipo ndinkayesa ndi ukalamba.

Ku boma anandisunga masiku awiri osandifunsa kanthu. Loweruka anandikweza lole yotchinga ndi tenti, ndipo madzulo ndinatsikira pa ndende ina kuchigwa, kumene phiri silioneka. Anandivula jekete lija, nandipatsa foya, bulangete limodzi ndi ndowa. Chipinda chinali mapazi asanu ndi awiri m'litali. Ndinachiyeza kambirimbiri, sichinakule.

Wofunsa mafunso ankachokera kutauni Lachiwiri lililonse. Anali munthu waudongo, wa zolembera zitatu m'thumba, ndipo sanakwezepo mawu. Tsiku loyamba anaika pepala langa la mafunso patebulo, chala chili pa funso lachitatu.

"Adokotala, m'dziko muno mtundu ndi umodzi. Inu mukuyenda ndi makina kufunsa anthu mtundu wawo. Anakutumani ndani kudzatigawa?"

Ndinamufotokozera kuti sungachize chilonda chimene wakana kuchiyang'ana, kuti ndinkangofuna kuti mwana wa ku komboni akhale ndi mwayi wofanana ndi wa kumtunda. Ndinalankhula bwino ndithu, ngati m'kalasi. Iye analemba mzere umodzi wokha.

Lachiwiri lotsatira anabwera ndi makina anga. Matepi ena onse anali atawamvera, ndipo anali a Chichewa, odandaula za fizi ndi mayunifolomu. Anaika nambala wani. Mawu a bambo anadzaza kaofesi kaja, ndipo ndinamva nkhuku za kwathu zikulira kumbuyo kwake. Kutsidya kunali nkhondo nthawi imeneyo, ndipo m'mawu a bambo munali mayina a malo a kutsidya. Kwa munthu wa zolembera zitatu, zimenezo zinali zokwanira.

"Akuti chiyani mkuluyu?"

"Sindimva Chilomwe."

Anapititsa tepi kumapeto. Mawu anga anatuluka, omveka bwino, aulemu: ndamva, ababa.

"Awa ndi mawu a ndani?"

"Anga."

"Ndiye munamva chiyani?"

"Ndi ulemu chabe. Ndi mmene timayankhira akuluakulu."

"Adokotala," anatero mofatsa, "munthu wa madigiri atatu anganene kuti wamva asanamve?"

Anatembenukira kwa msilikali wa ndende amene anandiperekeza, bambo wachikulire wa imvi m'mbali, amene anaima pakhomo. Anamufunsa ngati akumva chilankhulocho.

"Iyayi, bwana. Ine ndine Mnyanja."

Liwu lakuti bwana analitchula momwe bambo anga ankalitchulira, koma wofunsa uja sanali wa kwathu ndipo sanazindikire kanthu. Anabwerera kwa ine.

"Ababa amenewa ndi ati? Dzina ndi mudzi."

Apa m'pamene ndinaona chimene chinali patebulo. Nkhalamba yobadwira kutsidya, yopanda pepala lililonse, yotchula malo a kunkhondo pa tepi ya munthu wogawa mtundu. Akanawatenga, ndipo bambo ndi chifuwa chawo chija sakanatha mwezi pa simenti.

"Kwathu mwamuna aliyense wa imvi ndi ababa," ndinatero. "Ndi nkhalamba ina ndinaipeza pamsika wa Limbuli ikugulitsa mphasa. Dzina sindinafunse."

Ndinawakana bambo anga tsiku limenelo, ndipo ndinawakananso Lachiwiri lililonse kwa miyezi itatu. Pakati pa miyeziyo panali masiku asanu ndi anayi amene anandisamutsira kuchipinda china, kwa anyamata amene sankalemba kalikonse. Za masiku amenewo sindilemba. Khutu langa lamanzere silimva kuchokera pamenepo. Tepi ija ankaiyimba nthawi zonse asanayambe, mwakuti ndinafika poloweza kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu a bambo, pamene anatsokomola, pamene anapuma, osadziwa tanthauzo la chiganizo ngakhale chimodzi.

Kenaka wofunsa uja anangosiya kubwera. Ngati anapeza womasulira, sanandiuze. Mlandu sunazengedwe. Fayilo inali itatsegulidwa, ndipo masiku amene aja panalibe munthu wolembedwa ntchito yotseka mafayilo. Ndinatsala ndi ndowa yanga, nyemba zofumbwa, ndi mphindi khumi za dzuwa m'mawa uliwonse popita kukataya ndowayo kudzenje.

Mu Juni wa chaka chachiwiri, m'mawa wina wozizira, anandiperekeza kudzenje ndi msilikali wa imvi uja. Titapitirira khitchini, analankhula osandiyang'ana.

"Aphunzitsi, moseliwa?"

Moni umenewo ndinkaudziwa, koma kuyankha kwake kunali kutandithawa. Ndinati, "Ndadzuka bwino."

Ananenanso mawu ena angapo m'Chilomwe. Ndinangomuyang'ana. Anapukusa mutu.

"Kani n'zoona. Ine chaka chonsechi ndimayesa ndinu munthu wolimba mtima, mukubisa. Kani simumva ndithu."

"Sindimva, achimwene."

"Ndiye nkhalamba ija munainamiza."

Anandiuza zimene zinali pa tepi m'mamawa anayi, pang'onopang'ono, pakati pa khitchini ndi dzenje, ine nditanyamula ndowa. Ndilemba monga ananenera.

"Akuti, mtundu wanga ukuufunsa lero? Ndinaubisa kuti iwe ulowe sukulu, ndipo walowa. Akuti, pothawa paja amayi anga anadwala panjira, sanafike kuno. Tinawaika m'mbali mwa kamtsinje, ulendo wa theka la tsiku kuchokera pamalire. Apo anatchula dzina la amayiwo, la mudzi wapafupi, ndi la kamtsinjeko."

M'mawa wachitatu anati: "Akuti, okumba mandawo tinali anayi, ndatsala ndekha. Ndikapita ine, mayi anga asanduka tchire. Ukabwera tchuthi cha Ogasiti, udzu atatentha, tidzapite pa njinga ndikakusonyeze, nkhondo isanatseke njira."

M'mawa wachinayi tinayenda theka la njira. Kenaka anati: "Mawu omaliza ndi awa. Akuti, mwanaka, sindidzanenanso kachiwiri. Ngati ukuchita nafe manyazi, usavutike kundiuza. Udzangokhala chete, ndidzadziwa." "Ndiye inu munati ndamva."

Ndinatula ndowa pansi. Pa masiku asanu ndi anayi aja sindinalire, koma m'mawa umenewo ndinalira pamaso pa akaidi a kukhitchini, ndipo msilikali uja anachita kundikalipira mokweza kuti anthu ayese ndi nkhani ya ndowa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ntchito yanga yonse inali kufunsa, ndinkalipidwa chifukwa chofunsa, ndipo funso limodzi lofunika ndinalimeza.

Tsiku lotsatira ndinamufunsa mayina aja.

"Aphunzitsi, papita chaka. Tsiku lija ndinali ndi mantha, ndinkaopa kuti nkhope indiulula. Nkhani inakhala, mayina sanakhale."

Ndinamupempha kuti akapita kutchuthi akafike kwathu, akangowauza bambo mawu awiri: mwana sanamve. Kwawo kwa msilikaliyo kunali cha ku Thuchila, si kutali. Anakana, ndipo sindinamudandaule.

"Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi pasukulu," anatero. "Onse Anyanja."

Patatha milungu itatu anamusamutsa. Sindinamuonenso, ndipo dzina lake sindinalidziwe. Ndinakhala miyezi khumi ndi isanu ina m'chipinda chija ndikudziwa zimene bambo anapempha, ndikuwerenga masiku awiri a Ogasiti amene ndinakhala nawo pakhonde ndikuwasimbira za mkangano wa maofesi. Makalata sankaloledwa. Ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, osati kutuluka kwenikweni, koma kuti chifuwa chawo chipirire mpaka ndikafike.

Ananditulutsa Lolemba, sabata yachitatu ya Seputembala. Mkulu wa ndende anandibwezera jekete langa, litadyedwa ndi njenjete paphewa, nati boma landikhululukira. Sananene kuti landikhululukira chiyani.

"Za kuno musakazinene kunja. Mwamva?"

Anali mbali ya khutu lakufa, ndiye ndinamupempha abwereze. Anabwereza. Ndinafunsa za matepi anga.

"Matepi ati?"

Ndinakwera basi mpaka ku Limbuli, kenaka ndinayenda pansi. Minda ya tiyi inali yobiriwira monga kale, anthu ali ndi madengu kumsana monga kale. Amayi ndinawapeza akusesa pabwalo. Atandiona anagwetsa tsache, nakhala pansi pomwepo, miyendo atatambasula. Anali atavala duku lakuda. Sindinafunse kuti ababa ali kuti.

Anamwalira mu Epulo, miyezi isanu ndisanatuluke. Apolisi sanafike pakhomo pathu ngakhale kamodzi, ndiye bodza langa la mphasa linagwira ntchito, kapena mwina silinkafunika n'komwe. Anamwalira pa mphasa yawo, m'nyumba yawo. Chimenecho ndimachigwira ndi manja awiri, chifukwa china chogwira ndilibe.

Madzulo, anthu obwera kudzandiona atabalalika, ndinawafunsa amayi.

"Amayi, tsiku la makina lija munalipo. Munamva zonse. Bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa," anatero. "Anati mwana wamva ndi makutu ake, wayankha ndi pakamwa pake, usamukakamize. Ogasiti uja anakonzetsa njinga yawo, anabwerekanso ina kwa anzawo. Ine ndinakazinga chimanga cha panjira. Iwe unabwera, unagona, unapita. Njinga anakabweza okha, akuikankha."

"Sindinamve, amayi. Liwu ndi limodzi lomwe."

"Nanga unayankhiranji?"

Ndinawafunsa ngati bambo anapita akuganiza kuti ndinachita nawo manyazi. Amayi sanali munthu wonamiza mwana kuti agone bwino.

"Atamva kuti wamangidwa, nkhani ya manda anaisiya. Ankangoti, sukulu ndinamutumiza ndine."

"Nanga dzina la agogo?"

"Apongozi satchulidwa dzina, mwanawe. Komanso sindinawaone. Ine ndimangowadziwa kuti amake a bambo ako."

Zinthu zitasintha m'dziko, ntchito anandibwezera. Ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndinalemba za mtundu ndi mwayi wa maphunziro, ndinakalankhula m'misonkhano ya kunja kumene anthu ankandiombera m'manja pomva kuti ndinamangidwapo. Ndinaona ana a ku komboni akuvala mikanjo ya madigiri, ochepa kuposa mmene ndinkafunira, koma ndinawaona. Ophunzira anga onse ochita kafukufuku ndinkawauza lamulo limodzi asanapite kumidzi: munthu akalankhula zimene simunamve, nenani pomwepo kuti simunamve. Ankalemba m'makope mwawo, ena akumwetulira, poyesa ndi nzeru za m'mabuku.

Tsopano ndinapuma, ndimakhala cha ku Thuchila. Chilomwe ndinaphunzira ndili ndi imvi, kwa amayi ogulitsa kalongonda pamsika, ndipo amandiseka kuti ndimalankhula ngati wansembe wachizungu. Masiku ano achinyamata amanena poyera kuti ndi Alomwe, amavina, amasindikiza pa nsalu. Ufulu unabwera ndithu, sindiunyoza. Munthu amene anataya ndowa zaka ziwiri sanyoza chitseko chotsegula yekha. Koma ufulu uli ndi khalidwe lake: umakupatsa chilolezo chofunsa chilichonse, woyankha atapita kale. Zimenezi zimandipweteka lero monga zinandipwetekera m'mawa uja panjira ya kudzenje, ndipo ndasiya kudikira kuti zichepe.

Nkhondo itatha ndinatenga pasipoti. Ndawoloka malire kanayi, ndi galimoto, popanda wondifunsa kuti ndikukatani. Ulendo wa theka la tsiku kuchokera pamalire uli ndi timitsinje tambiri, ndipo ndayenda m'mbali mwa tisanu ndi tiwiri. M'midzi ya kumeneko anthu amandilandira bwino, amandipatsa mpando, amaitana nkhalamba zawo. Ndimafotokoza m'Chilomwe changa chophotchoka kuti ndikufuna manda a mayi wina amene anafera panjira kalekale, pothawa chibalo. Amagwedeza mitu, amati oterowo analipo ambiri. Kenaka amafunsa dzina la womwalirayo, ndipo ndimawauza kuti anali amayi a bambo anga.